Tambala wa ku Mayo ndi Ndalama ya Malovu

Chimene chinanditulutsa mu Dublin m'mawa wa Lachisanu lija chinali tambala. Sindikunena wa m'firiji wokutidwa pulasitiki uja ayi, koma wamoyo, wolira, wa nthenga zake zonse.

Mng'ono wanga Madalitso, mwana wa amayi aang'ono, anapeza mbeta ku Tallaght, namwino dzina lake Tadala. Popeza kuno wachibale wake ndine ndekha, unkhoswe wa kuchimuna unagwera ine, munthu woti ndinabwera kudzaphunzira za madzi a m'mipope, ndipo chinkhoswe ndinkangochidziwira mbali ya zakudya. Kuchikazi kunabwera amalume ake a Tadala, a Gwaza, ogulitsa mbatatesi ndi kabichi pa Lizulu. Tadala makolo ake anamwalira ali wamng'ono, ndipo anamulera ndi iwowa, fizi yonse kuchokera m'matumba a mbatatesi. Anabwera kwa milungu itatu yokha. Chinkhoswe chinali Loweruka, ndege yawo yobwerera inali Lachiwiri.

Lolemba tinakumana ku nyumba ya Tadala kuti timalize dongosolo. Titafika pa nkhani yopatsana nkhuku, mayi wina wa m'komiti anati, "Apo palibe vuto. Kuno timangogula chicken ku shop, kuika pa tray, kuvinira pang'ono, basi zatha."

A Gwaza anamuyang'ana mayi uja nthawi yaitali ndithu.

"Ine sindinakwere ndege usiku wonse kudzalandira nyama yakufa," anatero. "Mwanayu ndinamulera wamoyo. Akuchimuna abwere ndi tambala wamoyo, ine ndipereke msoti wamoyo, monga timachitira kwathu. Zikakanika, ndibwerera ndi mawu anga m'kamwa."

Tadala anati sangavale mphete popanda mawu a amalume ake. Holo inali italipiridwa, anthu ataitanidwa kuchokera ku Cork ndi ku Belfast. Madalitso anangondiyang'ana, ine n'kudziwa kuti katundu yense watsikira pamutu panga.

Masiku atatu ndinasakasaka pa foni. Wina anali ndi atambala koma atamva kuti ndimakhala m'chipinda cha lendi ku Crumlin anadula foni. Wina anatumiza chithunzi cha katambala kokongoletsera pakhomo, a Gwaza atakaona anafunsa ngati kwathu timafunsira mbeta ndi nkhunda. Anatipulumutsa ndi bambo mfumu ena okalamba a ku parishi kwathu, amene anakhalako ku Dedza zaka zambiri. Anandiuza m'Chichewa chawo chokokakoka kuti kumudzi kwawo ku Mayo kumakhala msika wa ziweto wa mumsewu Lachisanu loyamba la mwezi, ndipo nkhuku zimapezeka, bola kufika isanakwane 12 koloko.

A Gwaza anati apita nawo. Msoti ndi wa mbali yawo, ndipo sangatume mwana wasukulu kukasankha nkhuku.

Galimoto ndinabwereka kwa mnzanga wa ku Chipata. Pondipatsa makiyi anati, "Iyenda bwino, mudala, koma osaithamangitsa." Mawu amenewa ndinayenera kuwamvetsa bwino. Ndinanyamuka ku Crumlin 6 koloko, n'kukawatenga a Gwaza ku Tallaght. Ndinawapeza ali panja kale, avala jekete ziwiri ndi chipewa cha ulusi, m'manja muli jumbo ya mtedza wokazinga ndi katoni yobooledwa bwino ndi mpeni. Chikwama chawo cha ndalama chinali m'thumba la m'kati, ndipo dzanja silinkachoka pamenepo.

Mpaka pa geti lolipirira msewu zonse zinali bwino. Ndinaponya ndalama m'makina, chitsulo n'kukwera chokha. A Gwaza anasuzumira uku ndi uku.

"Apolisi ake ali kuti?"

"Palibe, amalume."

"Ndiye mwapatsa ndani?"

Titangodutsa Kinnegad, kanyali kofiira kanayaka pa dashibodi. Ndinakanyalanyaza mphindi zisanu, monga amachitira munthu aliyense woyendetsa galimoto yobwereka. Kenako kutsogolo kunayamba kufuka nthunzi. Ndinaima m'mbali mwa msewu, mvula yamawawa ikugwa, malole akutiwaza madzi. A Gwaza anatsika, anatsegulitsa boneti, anayang'ana m'kati mwaukatswiri, kenako anandifunsa ngati pafupi pali mudzi woti tikapemphe madzi a m'ndowa. Kunali ng'ombe zokhazokha.

Galimoto yokoka inafika patatha ola ndi theka. Inatisiya pa galaja ina ku Mullingar, kumene makaniko anati paipi ya madzi yaphulika ndipo ina ibwera masana. Anati tidzaitenge isanakwane 6 koloko madzulo, apo ayi tidzaionera Lolemba. Atatchula mtengo, a Gwaza anandikodola.

"Muuzeni achotseko."

"Kuno sanenerera, amalume."

"Mwayesa?"

"Sizichitika."

"Dziko lopanda kunenerera ndi dziko lanji? Ndiye anthu amadziwana bwanji?"

Anadandaula za nkhaniyi njira yonse yopita pa siteji ya basi. Anati kuyambira tsiku limene anafika sanaone munthu akugula chinthu kwa munthu mnzake. Aliyense amangotola, kugunditsa khadi pa makina, n'kutuluka ngati wakuba. Ine maso anali pa wotchi. Nthawi inali itadutsa 9 koloko, ndipo basi yopita ku Mayo inali ya cha m'ma 10. Inabwera mochedwa ndi mphindi makumi awiri. Ndinalipira ma euro 38 anthu awiri, a Gwaza n'kuwerengetsera m'makwacha chamumtima, milomo ikugwedera, kenako anangopukusa mutu.

Mipando yoyandikana inali itatha. Ine ndinakhala mbali ino ya kanjira, iwo mbali inayo pafupi ndi mayi wina wachikulire wa tsitsi loyera, wojintcha bwino, atanyamula thumba la ulusi woluka. Tisanafike n'komwe ku Longford, a Gwaza anali atamasula jumbo ya mtedza n'kumupatsa mayi uja ndi manja awiri. Iye anatapa, natulutsa buledi wakuda wophika yekha, kuwanyemera. Posakhalitsa ndinasanduka womasulira.

Dzina lake anali Breda. Ankachokera kwa mwana wake ku Dublin, kubwerera kwawo, mudzi woyandikana ndi kumene tinkapita. Atamva za tambala anaseka mpaka kupukuta misozi, kenako anafunsa bwinobwino mwambo wake, ndipo a Gwaza anafotokoza motalika kuposa mmene ndinamasulira. Breda anati mayi ake sankagula tiyi ndi shuga ndi ndalama. Ankatenga mazira m'dengu kupita nawo kugolosale, mwini golosale n'kuwerenga mazira, kuwapimira shuga. Nkhuku zinali za amayi, ng'ombe za abambo, ndipo nyumba zambiri zinkayendera nkhukuzo ngakhale abambo sankavomera.

"Auzeni kuti kwathunso," anatero a Gwaza. "Mbale ya chimanga, mbale ya usipa. Auzeninso kuti za abambozo ndi zoona."

Bambo ake a Breda ntchito yawo inali yoyanjanitsa ogula ndi ogulitsa pa misika ya ng'ombe. Awiri akakanika kugwirizana mtengo, iwo ankalowa pakati, kukoka uyu ndi jekete, kubweza uyo amene wanyanyala, kugawa pakati kusiyana kwa mitengo, mpaka kuwagwira manja onse awiri n'kuwaombanitsa. Manja akaombana, malonda atha, palibenso kubwerera. A Gwaza anamvetsera kukamwa kuli yasa. Anati ameneyo ndi nkhoswe weniweni, osati ena ongodziwa kuyatsa galimoto n'kuiotcha.

Breda anatchulanso china chokhudza kandalama kamene wogulitsa amabweza. Koma nthawi imeneyo foni yanga inali ikulira, Madalitso akufunsa kachisanu ngati tafika, ndipo chiganizo chimenecho sindinachimasulire. Ndinachiona ngati nkhani yongocheza.

Ku Longford tinaima mphindi makumi atatu kudikira dalaivala wina. Titadutsa Strokestown tinapeza thalakitala ikukoka ngolo ya udzu, ndipo tinaitsatira mpaka ndinaloweza nambala yake. 12 koloko inatipeza tisanafike ku Ballaghaderreen. A Gwaza anali phee, akuona minda pa windo n'kumandifunsa chifukwa chake anthu a kuno amamanga mipanda ya miyala koma m'kati osadzalamo kanthu.

Tinatsika ku Charlestown itadutsa 1 koloko. Basi ina yopita kumudzi kuja kunalibe mpaka mawa lake. Breda anali atasiya kagalimoto kake kuseri kwa tchalitchi, ndipo sanatifunse n'komwe, anangotsegula chitseko n'kuchotsa matumba a chakudya cha galu pa mpando wakumbuyo.

Msikawo unali msewu umodzi wokha, wotsekedwa mbali zonse. Kunali mahatchi, abulu, nkhosa m'timakola tachitsulo, ogulitsa majombo, mbande za kabichi ndi zidutswa za dothi lakuda louma limene kuno amasonkhera moto. Pansi ponse panali ndowe. Amuna ovala zipewa anaima awiriawiri, kukangana chapansipansi, wina kuchoka mokwiya, wina kumuthamangira. Ndinawaona a Gwaza akusintha. Mapewa anawongoka, dzanja linachoka pa thumba. Anaima pa mulu wa mbatatesi, kutola imodzi, kuikanda ndi chikhadabo, kuinunkhiza.

"Apa ndiye pali anthu," anatero.

Koma a nkhuku anali atapita. Pamalo pawo panatsala nthenga ndi makatoni onyowa. Breda anafunsa uyu, kufunsa uyo, mpaka wina analoza kumapeto kwa msewu, kumene mkulu wina wowonda, wa ndodo, ankamangirira khola la waya pa kangolo. Breda anati ameneyo ndi Mattie, ndipo tikhale osamala chifukwa ndi wovuta. Nkhukuzo zinali za malemu mkazi wake. Iye ankayembekezera opaleshoni ya m'chiuno ndipo sakanathanso kuzisamala, koma kuyambira m'mawa anali atabweza ogula atatu chifukwa nkhope zawo sizinamusangalatse. M'kholamo munali tambala mmodzi wofiira, wamkulu ngati nkhukundembo yaing'ono, ndi misoti itatu.

A Gwaza anandikankhira pambali. "Inu muzingomasulira. Za tambala wanuyo ndinenerera ndine, mungatichititse manyazi."

Anatulutsa tambala uja, kumuyeza kulemera m'manja, kumutambasula mapiko, kumuyang'ana kumapazi, kenako anapanga nkhope ya munthu amene waona chinthu chomvetsa chisoni. Mattie anati tambala ndi msoti mmodzi, ma euro 70. A Gwaza anati 25, ndipo anandiuza kuti ndionjezere kuti tambalayo akuoneka wokalamba. Mattie anati wokalamba ndi amene akunenayo. Ndinamasulira, a Gwaza n'kusekerera koyamba tsiku limenelo. Anakwera kufika 30, Mattie anatsika kufika 60. Kenako a Gwaza anabweza tambala m'khola, kusasa m'manja, n'kuyamba kuchoka osacheuka. Koma Breda anawathamangira, kuwagwira jekete, kuwakokera pomwepo ngati mbuzi. Anthu anayamba kutizungulira. Wina anakuwa kuti agawe pakati. Breda anagwira dzanja la Mattie ndi la a Gwaza, kuwaombanitsa, Mattie n'kulanda lake. Kachiwiri a Gwaza ndi amene analanda lawo. Kachitatu manja anaombana kuti phwa, pa 45, anthu n'kuvomereza ndi mitu.

Ndinawapatsa a Gwaza gawo langa, iwo n'kuphatikiza ndi lawo, kupereka. Ndinali nditayamba kale kulemba uthenga kwa Madalitso kuti zatheka.

Mattie anaika ndalama zija m'thumba. Kenako anapisa m'thumba lina, kutulutsa 5 euro yakale yofewa, kuilavulira pang'ono, kuipinda, n'kuwapatsa a Gwaza.

A Gwaza anabweza manja kumbuyo. Nkhope inasinthiratu.

"Chitaka," anatero chapansipansi.

Amene anagulitsapo pa msika kwathu amachidziwa chitaka. Munthu amabwera ndi ndalama yokhwimira, iwe n'kuisakaniza ndi zako, pofika madzulo zonse zatsatira mwini wake. Ine ndili ndi madigiri awiri ndipo za chitaka ndimaziseka, koma ndisaname, nditaona malovu aja nanenso thupi linachita tsembwe.

Ndinayesa kuilandira ineyo. Mattie anandikankha dzanja, nati ndalamayo ndi ya amene anaomba naye m'manja. Ndinamuuza kuti amalume akuthokoza kwambiri koma asavutike. Iye anaganiza kuti ndi ulemu chabe, anaseka, n'kusendera kuti aiike yekha m'thumba la jekete la a Gwaza, thumba lomwe lija munali chikwama. A Gwaza anaphumitsa dzanja lake. Ndalama inagwera m'ndowe.

Mattie anawerama movutikira, kutola ndalama ija, kuipukuta pa buluku. Anatulutsa ma euro 45 aja, kuwaika pamwamba pa khola, kulanda katoni imene ndinali nditaikamo kale nkhuku, n'kuzibwezera m'kati. Sanakweze mawu. Anangoti zaka makumi asanu ndi limodzi wagulitsa pa msewu umenewu, ndipo palibe anamutayirapo mwayi wake pansi.

Breda anatikokera pakhonde la sitolo ina, nkhope itafiira. Anati kodi sanatiuze m'basi? Imeneyo ndi ndalama ya mwayi. Wogulitsa chiweto amabweza kangachepe kwa wogula kuti chiwetocho chikamuyendere bwino, ndipo akuluakulu amalavulira kuti mwayiwo umatirire. Kukana ndiye kuti ukunena kuti dzanja la munthuyo ndi loipa. Ndipo Mattie sangalole nkhuku za mkazi wake zichoke popanda mwayi, angalole kuzipereka kwa nkhandwe.

Ndinamasulira zonse, nthawi ino osasiyako kanthu. Ndinavomeranso kuti anatiuzadi m'basi ndipo wolakwa ndine. A Gwaza anangoti, "Aliyense wa chitaka amakhala ndi nkhani yokoma."

Nthawi inali 3 koloko. Breda anali atatipezera wogula nkhosa wina wopita cha ku Meath, amene anavomera kutisiya ku Mullingar, koma ankanyamuka pakatha mphindi makumi awiri. Mattie anali akumaliza kumanga zingwe. Apa zinandikwana, ndipo ndinayankhula mmene sindinayankhulirepo ndi munthu wamkulu.

"Amalume, tanenani zoona. Inu munabwera kudzathetsa chinkhoswechi. Munafuna tambala poganiza kuti sapezeka. Wapezeka, ndiye mwapeza china. Ngati Madalitso simukumufuna, kamuuzeni Tadala nokha, musanamizire 5 euro."

Ndinayembekezera kukalipiridwa. Iwo anakhala pansi pa sitepe yonyowa ija, kuvula chipewa.

"Chaka chimene Tadala anasankhidwa kupita kusukulu ya unamwino," anatero, "ndinagulitsa mbatatesi lole yathunthu. Kunabwera munthu wovala bwino, kugula kabichi mmodzi ndi ndalama yaikulu. Madzulo ndikuti ndiwerenge, m'chikwama muli theka. Mwanayu anakhala pakhomo chaka chathunthu, anzake akuphunzira. Inu mukhoza kunena kuti anandibera anyamata anga, ambiri anatero. Koma ine ndinaona zimene ndinaona." Anagwira thumba lija. "Umu muli ndalama yoti ndimugulire ziwiya mawa. Ndasunga zaka ziwiri. Mukufuna ndiisakanize ndi malovu a munthu amene sindikumudziwa?"

Ndinachita manyazi kwambiri.

Anayang'ana kumene kunali Mattie. Kenako anaimirira. Anatulutsa chikwama n'kundipatsa. Anatulutsa pasipoti, foni, timakobidi ta m'thumba la buluku, ngakhale ka 200 kwacha kamene kanali m'chipewa, zonse m'manja mwanga. Anavula jekete zonse ziwiri kundikoleka paphewa, n'kutembenuza matumba a buluku kuti aone ngati mwatsala kanthu. Anatengako ma euro 45 okha aja.

"Ngati ndi chitaka, chipeze m'nyumba mulibe kanthu," anatero. "Inu khalani pompano. Musayandikire ndi chikwamacho."

"Nanga womasulira?"

"Mwamasulira zokwanira."

Anapita okha, malaya okhaokha pa mvula ija, matumba ali lende kunja. Ine ndi Breda tinaonerera tili pakhonde. Atafika anavula chipewa, kugwira ndodo ya Mattie kuti asachoke, n'kuyamba kuyankhula Chichewa. Sindinamve mawu awo, koma anayankhula nthawi yaitali, akuloza nkhuku, kuloza kum'mawa, kuonetsa ndi dzanja msinkhu wa mwana wamng'ono, kenako msinkhu wa munthu wamkulu. Mattie anayankha m'Chingerezi chake chimene ngakhale ine chimandivuta. Breda anafuna kupitako, koma anaima panjira, nati asiyeni. Pamapeto a Gwaza anatambasula dzanja lamanja, lamanzere litagwira pa chigongono. Mattie analiyang'ana, kuyang'ana matumba otembenuzidwa aja, kenako analiomba. Ndalama zinaperekedwa. 5 euro ija inatulukanso, inalavuliridwanso, ndipo a Gwaza anailandira ndi manja awiri, mutu uli pansi. Mattie anaigwiritsa m'manja mwawo ndi manja ake onse, akunena mawu ena. Apo Breda anali atafika pafupi.

A Gwaza anawerama, kuilowetsa ndalama ija mu sokosi, n'kubwera ndi katoni.

Tinakwera galimoto ya wogula nkhosa uja, ife kumbuyo pamodzi ndi galu wake, katoni pamiyendo panga. Breda anakana ndalama ya mafuta, koma jumbo ya mtedza yotsala anailandira. A Gwaza anakhala atatsamira chitseko, mwendo wa sokosi ija atautalikitsa kwa ine, ndipo chikwama anati ndisunge ndine mpaka ku Dublin. Galaja tinaipeza makaniko akutsitsa chitseko. A Gwaza sananenenso za kuchotsako.

Tinaima pa malo omwetsera mafuta ku Kinnegad kuti tizipatse nkhuku madzi. Ndi pomwe anandifunsa.

"Mkulu uja pondipatsa ndalamayi amati chiyani?"

Breda anali atandiuza tisanasiyane. "Amati mwayi wa nkhukuzi upite kwa ana awiriwo. Akuti iye ndi mkazi wake anakhala zaka makumi asanu ndi chimodzi, ndipo anayamba ndi nkhuku zisanu ndi imodzi."

A Gwaza anayang'ana sokosi yawo. Ndinaona kuti nkhaniyi yawavuta kuposa poyamba.

"Ndiye kuti ngati ndi mwayi, si wanga, ndi wa ana," anatero. "Ndikaisunga ndawabera. Koma ngati ndi chija, ndikawapatsa ndawaphera banja lisanayambe."

"Tingoitaya, amalume."

"Mwayi wa eni ake? Inu sukulu inakupindulirani chiyani?"

Anaganiza mpaka tinalowa mumsewu waukulu. Magalimoto olowa mu Dublin anali atathithikana, tambala akuyesa mawu m'katoni.

"Ndipita nayo kwathu," anatero. "Ndikaiika m'chikwama changa cha pamsika, pamodzi ndi ndalama zanga, dzinja lonse mpaka kukolola. Ikakhala yoipa igwetse ine, ndakula kale. Musawauze anawo."

Usiku umenewo ndalamayo inagona panja, pansi pa mphika wa maluwa wa pakhomo la nyumba ya Tadala, ndipo inakhala pomwepo mpaka Lachiwiri. Nkhuku zinagona m'bafa mwanga ku Crumlin, ndipo za mmene tambala anadzutsira nyumba yonse ndi zimene mwini nyumba ananena, ndisazilembe pano. Chinkhoswe chinachitika. Ndinapereka tambala, a Gwaza anapereka msoti, amayi a m'komiti aja ndi amene analulutira kwambiri. Nkhukuzo zinapita kwa bambo mfumu aja, amene ali ndi mpanda kuseri kwa nyumba.

Ndinasunga chinsinsi monga anandiuzira. Ukwati unachitika, maphunziro anga anatha, ndinayamba ntchito ku Rathmines, ndipo nkhani ya 5 euro ndinaiiwala.

Patatha chaka ndi miyezi iwiri, mnzathu wina wobwera kutchuthi kumudzi anandipatsa envelopu yomatidwa ndi selotepi mbali zonse, ya dzina langa. M'kati munali envelopu ina yaing'ono yolembedwa kuti Tadala ndi Madalitso, ndi kapepala kong'ambidwa m'kope. Ndinakatula yaing'onoyo ku Tallaght madzulo omwewo. Tadala, amene nthawi imeneyo anali woyembekezera, anaitsegula n'kupeza 5 euro yakale, yothimbirira dothi lofiira, ikununkha anyezi. Anandiyang'ana modabwa. Ndinawafotokozera zonse, kuyambira pa Kinnegad mpaka pa sokosi, kenako ndinawawerengera kapepala kanga kaja.

"Ankhoswe, ndaiyesa. Mbatatesi zachita bwino, sindinasowe ngakhale kobidi. Ndi yabwino. Apatseni ana."